Sabuufa yanga ikulira huuu ndipo besi ikumveka kwa aneba osati pa sofa panga

Wakumpondasi

Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi vuto landisowetsa mtendere sabata yachiwiri ino nde ndati ndifunse kuno poti ena mwa inu zinthu izi mumazigwira tsiku ndi tsiku. Achimwene anga amene ali ku Joni ananditumizira sabuufa, sipika ija yotulutsa besi yokhayokha, mwezi wathawu, inabwera pa basi limodzi ndi ampu ija ya home theatre komanso timasipika tiwiri toika pa shelefu. Sabuyo ndi ija yokhala ndi ampu yakeyake kumbuyo, imalowa ku magetsi payokha, sipika yake ndi ya mainchi 10 ndipo chakumunsi kutsogolo kuli chibowo chotulukira mpweya. Kumbuyoko kuli topotokola tiwiri, kena analemba level kena crossover kuyambira 40 mpaka 150, ndiye pali kaswichi ka phase kolembedwa 0 ndi 180, mabowo a RCA lofiira ndi loyera, ndi lina palokha lolembedwa LFE.

Ine ndinangolumikiza mmene ndikuonera, waya kuchoka pa sub out ya ampu kukalowa pa bowo loyeralo, zopotokola zonse ndinazifikitsa kumapeto poganiza kuti mphamvu yake ituluke yonse, nkuiika pakona pafupi ndi TV, mayi a kunyumba anayalapo kansalu koluka nkuikapo maluwa.

Choyamba, ukangoyatsa olo nyimbo palibe imangolira huuu osalekeza, usiku kukakhala zii ndi pamene imamveka bwino, ngati muli njuchi m'bokosimo. Chachiwiri ndi chimene chikundizunguza mutu kwenikweni, ndikakhala pa sofa besi ndimaimva pang'ono kwambiri, koma ndikalowa kuchipinda kapena kuima pakhomo lopita kukhichini imachita kugunda pamtima, malata kulira, siling'i kunjenjemera. Dzana agogo oyandikana nafe anabwera m'mawa atachoka ku mzikiti, anayankhula mwaulemu ndithu kuti mwanangu mbale zanga pa shelefu zikumagwedera usiku, ndipo zinandikhudza chifukwa ndi munthu amene timakhala naye bwino. Komanso mawu a anthu owerenga nkhani pa TV asanduka onenepa, bambo akamayankhula zikumveka ngati ali m'mgolo.

Pabalaza panga ndi mamita 5 mulitali 4 mulifupi, pansi simenti, sofa ili cha pakati chifukwa kumbuyo kwake timadutsako. Pulagi yake ndi ija ya mano atatu ozungulira akuluakulu ya ku Joni nde ndinagula kaadaputa kumsika. Kodi chinthuchi chinaonongeka pa ulendo kapena ndine ndikulakwitsa penapake? Ndisanawauze achimwene kuti anandigulira chakufa ndimve kaye kwa inu.

Fundi wa mawayilesi pa boma

Achimwene musawadandaulitse a ku Joni aja, mmene mwafotokozeramu chinthucho ndi chamoyo. Ine ndiyankha za huuu zo chifukwa ndi zimene anthu amabwera nazo pa benchi yanga kawirikawiri. Magetsi athu kuno ndi 230 volts pa 50 Hz (Hz ndi muyezo wa kangati chinthu chikunjenjemera pa sekondi), ku South Africa ndi chimodzimodzi nde pamenepo palibe vuto, zikanakhala zochokera ku America za 120 volts bwenzi tikunena zina, bwenzi itatulutsa utsi tsiku loyamba lomwelo. Kulira mukumvako ndi 50 Hz yomweyo ya magetsi kapena 100 Hz, ikulowa mu sabu ndipo poti ntchito ya sabu ndi kukuza mawu apansi omwewo, imakukuzirani bwinobwino.

Chitani izi lero lomwe. Zulani waya wa RCA kumbuyo kwa sabu, musiye ya magetsi yokha, muyatse. Ikakhala chete ndiye kuti mkati mwake muli bwino, phokoso likubwera ndi waya kuchokera kwina. Mukatero bwezerani wayayo kenako masulani chingwe cha dishi kumbuyo kwa dekoda mumvetsere. Nthawi zambiri wolakwa amakhala ameneyo, chifukwa dishi ili panja yagwira nthaka kapena malata mwa njira yake, sabu nayo yagwira earth kudzera pa soketi ina, ndiye kamagetsi kochepa kamayenda mozungulira kudutsa mu waya wa RCA uja. Mankhwala ake oyamba ndi aulere, TV, dekoda, ampu ndi sabu zonse zilowe pa ekisitenshoni imodzi yabwino yochokera pa soketi imodzi. Zikakanika pali kachipangizo kotchedwa ground loop isolator, kamalowa pakati pa waya wa RCA, anyamata oika nyimbo m'magalimoto amakadziwa.

Kaadaputa ka kumsika kaja kachotseni. Tambiri timagwedera mkati, dzino la earth siligwira nkomwe, tina timatentha mpaka kusungunuka. Dulani pulagi ya ku Joniyo muike ya mano atatu a makona yathu ino yokhala ndi fyuzi, ya 5 amps ikwana. Waya wa bulauni ndi live, wa buluu ndi neutral, wa girini ndi chikasu ndi earth, ngati simunapangepo pitani nayo kwa munthu wa magetsi ndi ntchito ya mphindi zisanu. Ndipo ndikupempheni, wina akakuuzani kuti ingodulani earth huuu atha, mukane. Amathadi nthawi zina koma tsiku limene waya adzakhudze chitsulo cha kumbuyoko wodzagwira ndi mwana wanu akukwawa.

Koma ikamalirabe RCA mutazula, ndiye vuto lili mkati, mwina ndi ma capacitor atopa, musatsegule nokha chifukwa amasunga magetsi olo mutazula ku khoma. Komanso level yo mwaifikitsa kumapeto ikukuzanso huuu yemweyo, ibwezeni pakati muone.

Selekita wa ku Makawa

Aise mdala ine ndimaimba m'maukwati ndi m'zinamwali, sabu malo ake ndi pakona basi, pakona pamaonjezera mphamvu ulele. Ngati pa sofa simukumva nde kuti 10 inchi yachepa, gulitsani mupeze ya 15 mumve kukoma amapiano log drum ikamatsika. Agogowo muziwachepetsera ikakwana 9 koloko basi nkhani yatha.

Aphunzitsi a ku Namwera

A Selekita zoti pakona pamaonjezera besi mukunena zoona, makoma awiri ndi pansi zimathandizana kukankha mawu. Koma inu mumaimba panja pa bwalo pomwe palibe makoma obweza mawu, m'nyumba nkhani ndi ina, ndipo awa akagula ya mainchi 15 pa sofa padzakhalabe chimodzimodzi, amene adzamve kusintha ndi agogo aja.

Achimwene a ku Mpondasi, vuto lanu lachiwirilo si la sabu, ndi la chipinda. Munayamba mwanyamulapo beseni la madzi kuchokera ku Shire kapena pa mjigo, madzi nkuyamba kukhavukira uku ndi uku? Mukayang'anitsitsa m'mphepete mwa beseni madzi amakwera ndi kutsika kwambiri mpaka kutayika, koma pakati penipeni pamakhala ngati sipakusintha. Mpweya wa pabalaza panu ukuchita zomwezo. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, kotentha ngati kwanuko mu Okutobala amathamangirako pang'ono, nde funde limodzi la 40 Hz ndi lotalika kuposa mamita 8, kuposa chipinda chanu chomwe. Likagunda khoma limabwerera nkukumana ndi linzake, pena amaphatikizana pena amafafanizana. Pa mamita 5 anuwo zimenezi zimachitika cha pa 34 Hz, pa mamita 4 cha pa 43 Hz, ndipo chingwe chachikulu cha gitala ya besi chimalira pa 41 Hz, mwaona kuti ndi pomwepo. M'mphepete mwa makoma ndi m'makona besi imachuluka, pakati pa chipinda imasowa. Inu mwakhazika sofa pakati pa beseni, agogo ali kuseri kwa khoma kumene madzi akutayikira. Olo mukweze bwanji, pakatipo pazingofafanizikabe.

Nde yambani ndi sofa, ikankheni kumbuyo kapena kutsogolo olo theka la mita ichoke pakati penipeni, koma isakagunde khoma chifukwa kumeneko iyambanso kuchuluka mopanda dongosolo. Kenako pali njira ina imaoneka ngati masewera koma imagwira ntchito. Nyamulani sabuyo muikhazike pa sofa pomwe mumakhalapo, mubwereke waya wa RCA wautali, ikani nyimbo imene mumaidziwa bwino ya besi yoyenda, rege imathandiza kwambiri chifukwa besi yake imakwera ndi kutsika osati kungogunda pamodzimodzi, muibwereze kambirimbiri. Inuyo mugwade muzikwawa m'mbali mwa makoma mutu uli chapansi pamene sabu ingakhale. Mupeza pena pakungoti duuu noti imodzi yokha, pena palibe kanthu, koma penapake mumva noti iliyonse payokhapayokha mofanana mphamvu. Pamenepo ikani chizindikiro ndi choko, mutsitse sabu muiike pomwepo, mukakhala pa sofa muzimva zomwe munamva mutagwada. Musasake pamene pakumveka kwambiri, sakani pamene pakumveka bwino. Ndipo musadandaule kuti yatalikira TV, mawu a pansi pa 80 Hz khutu silitha kuloza bwino kumene akuchokera, olo ikhale pambali panu muzimva ngati ikuchokera kutsogolo.

Tsopano zopotokolazo. Poti ampu yanu ili ndi sub out, chotsani waya pa bowo loyera muulowetse pa LFE, bowo limenelo pa masabu ambiri limalambalala crossover ya kumbuyoko, sefa ija yoika malire a mawu opita ku sabu, nkusiya ampu kuti ndiyo izigawa mawu. Lowani mu menyu ya ampu pa speaker setup, timasipika tanu tiikeni pa small osati large, crossover ikani 80 Hz poyambira, nambala imeneyi ndi imene a THX, kampani yoika miyezo ya mawu a mafilimu, anakhazikitsa pa za home theatre ndipo ma ampu ambiri amabwera ali pomwepo. Ngati timasipikato ndi tating'ono kwambiri tokwana m'manja ndiye kwezani ifike 100 kapena 120, chifukwa sitingathe kutsika mpaka 80 nde pangatsale mpata pakati. Mukagwiritsa bowo wamba osati LFE, kopotokola ka crossover kakhale kumapeto kuti zosefa zisakhale ziwiri, koma ampu ikhale kuti ikusefadi. Ndikukayikira kuti pano ampu yanu ili pa nambala yokwera, ndipo mawu a bambo wamkulu amayambira cha pa 85 kukafika 180 Hz, nde gawo lina la mawu awo likutulukira mu sabu yomwe mwaikweza mpaka kumapeto, mgolo uja ndi umenewo.

Level ndiye pamene anthu ambiri timalakwitsa, ineyo ndinakhala chaka chathunthu ndikumvera yokwera kwambiri mpaka mutu kumawawa ndikaonera mpira. Itsitseni mpaka ziii, ikani nyimbo pa voliyumu yomwe mumamvera masiku onse, muzikweza pang'onopang'ono kufikira mutangoyamba kuzindikira kuti sabu ilipo, kenako bwezani kachidutswa. Muyese pozimitsa sabuyo nyimbo ili mkati, muyenera kumva ngati nyimbo yaonda mwadzidzidzi, koma ikamayaka isamadzionetsere kuti ili pakona apo. Masiku awiri oyamba muona ngati yachepa chifukwa khutu linazolowera chiphokoso, pirirani sabata imodzi musanaikhudzenso.

Nachisale wa ku Monkey Bay

Ine za manambala sindizidziwa ngati aphunzitsi koma ndakhala ndi yanga zaka zinayi kuno kunyanja nde ndinene zomwe ndaona. Choyamba uzani mayi a kunyumbawo achotse kansalu ndi maluwa, makamaka ngati kakulendewera kumbuyo. Chitsulo cha kumbuyocho ndi chimene chimatulutsa kutentha kwa ampu, ndi kutentha kwa Mangochi kuno mwezi wa Novembala ukachigwira masana chimachita kuotcha, nde chikaphimbidwa kapena kukanikizidwa ku khoma imayamba kuzima yokha nyimbo ili mkati. Siyani mpata wokwana chikhatho ndi theka kumbuyo mpweya uzidutsa. Ndipo ngati m'maluwamo muli madzi ndiye musachedwe, besi imayendetsa zinthu pang'onopang'ono mpaka tsiku lina zigwere kumbuyo komwe kuli magetsi.

Chibowo chotulukira mpweya chija muzisuzumiramo ndi tochi. Yanga inayamba kulira prrr ngati pepala lang'ambika, ndinada nkhawa kuti sipika yapita, mwana wanga atalowetsa dzanja anapeza mavu amanga nyumba yadothi mkati mwa paipi, zidutswa zina zitagwera m'bokosi nkumadumphadumpha. Makoswe nawonso amalowera momwemo. Tikamachoka masiku angapo ndimatsekapo ndi siponji, pobwera nkuchotsa.

Za agogo aja ndikumvetsa kwambiri chifukwa ine ndinakhalapo mbali inayo, mwana ali wakhanda wina kuseri akugunditsa usiku wonse, besi siili ngati mawu ena oti ukatseka chitseko atha, imadutsa khoma la njerwa ngati palibe. Chimene chinandithandiza kwanga ndi kuichotsa pa khoma limene tagawana ndi aneba, nkuikhazika pa labala wokhuthala, ndinadula zidutswa zinayi za matiresi akale olimba aja nkuyala kathabwa pamwamba. Siletsa zonse ayi, za mumpweya zimapitabe, koma kunjenjemera kodutsa pansi kunachepa. Kenako tinayenda nyumba yonse nyimbo ikulira kusaka chimene chikulira, tinapeza ndi magalasi a mawindo a louvre, chitseko cha kabati ya mbale ndi bodi imodzi ya siling'i imene msomali unazuka, tinapanikiza timapepala ndi timalabala ta chubu cha njinga, zambiri zimene tinkati ndi besi yoipa sizinali za sabu nkomwe. Mukamaliza kukonza apempheni agogowo mulowe m'nyumba mwawo nyimbo ikulira kwanu mudzimvere nokha, kenako muike kachizindikiro pa voliyumu kuti usiku isapyole apa.

China, magetsi akathima zulani ku khoma musadikire kuti abwere ili chilumikizire, pobwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu, fridge guard ija imathandizanso. Ngati muli ndi sola ndipo inveta yanu ndi yotchipa ija ya modified sine, sabu imalira zzzz, yanga inasiya nditapeza ya pure sine.

Wakumpondasi

Zikomo kwambiri nonse, sikomo kwejinji, ndabwera kudzanena mmene zayendera. A Fundi munalasa, nditazula RCA inangoti chete, nditamasula chingwe cha dishi huuu anatheratu. Ndasintha pulagi ndaika zonse pa ekisitenshoni imodzi, katsala kochepa kwambiri koti mpaka uike khutu pa sipika, nde isolator ija ndiifunafuna ndikapita ku Blantyre kumapeto a mwezi.

Loweruka masana ndinachita zokwawa zija, mwana wanga wamkazi wa zaka 6 anagwada nane tikuyenda limodzi m'mbali mwa khoma iye atagwira choko. Pakona pomwe inali paja ndinadabwa, noti imodzi inkachita kutupa kuphimba zinzake zonse. Malo abwino tinawapeza khoma la kumanzere, pafupifupi mita imodzi ndi theka kuchoka pakona yakutsogolo, pansi pa windo, mwamwayi ndi mbali yotalikirana ndi agogo. Sofa ndaibweza kumbuyo masentimita ngati 60, njira yodutsira yachepa koma tikudutsa. Mu menyu ndinapezadi masipika ali pa large ndipo crossover pa 150, ndaika small ndi 90 chifukwa pa 80 ndimamva ngati pali kena kakusowa pa ng'oma za manganje. Level ili pang'ono kusafika pakati. Kunena zoona nyimbo zomwe ndakhala ndikumvera zaka zambiri ndamvamo zala za woimba besi zikusuntha, sindinkadziwa kuti zimenezo zilimo. Owerenga nkhani atuluka mu mgolo muja. Kwa agogo ndinalowa Lamulungu madzulo, mbale zili phee, kukungomveka kugunda kwapatali ndikakweza kupyola 40 pa ampu nde usiku tizilekezera pa 30.

Chatsala ndi kaswichi ka phase, palibe anakatchula, kali pa 0 chibwerere. Ndikasiye choncho? Komanso pa bokosi analemba 1200W PMPO koma kumbuyo kwa sabu palembedwa 100W RMS, zoona ndi ziti, achimwene akuti anagula ya 1200.

Fundi wa mawayilesi pa boma

Zoona ndi 100W RMS yo achimwene, imeneyo ndi mphamvu imene ampu ingatulutse mosalekeza, PMPO ndi nambala yokopera ogula ilibe muyezo umodzi wodziwika, aliyense amalemba yake. Koma musaone kuchepa, 100 RMS pa mainchi 10 m'chipinda cha 5 kwa 4 ndi yokwana ndithu, umboni ndi mbale za agogo zija.

Phase ntchito yake ndi yoti sabu ndi timasipika tizikankha mpweya nthawi imodzi pa malo amene akugawana mawu, kwa inu cha pa 90 po. Zikasemphana, wina akukankha wina akukoka, besi ya pamenepo imachepa. Poti mwaisuntha sabu kuchoka pa mzere wa masipika, nkofunika kuyesa ndithu. Izi zimafuna anthu awiri, inu khalani pa sofa mutseke maso, mayi a kunyumba akhale kumbuyo kwa sabu azisintha 0 ndi 180 osakuuzani ili pati, nyimbo ikhale ya ng'oma kapena besi yobwerezabwereza, kapena tsitsani pa foni kaapu ka tone generator muike 90 Hz motsitsa voliyumu. Pamene pakumveka modzaza muli pa sofa ndi pomwepo, ndipo pano pokha ndi pamene timasankha chokwera. Mukaona kuti palibe kusiyana isiyeni pa 0. Musanayese lowaninso mu menyu pa distance mulembe mamita enieni kuchoka pa sofa kufika pa sipika iliyonse ndi pa sabu, yezani ndi tepi, chifukwa ampu imachedwetsa mawu potengera manambala amenewo nde mukadzasintha pambuyo phase muyambiranso. Mwina mukapeza phase yoyenera ija 80 imene inkaoneka yoperewera idzadzaza, mudzaiyesenso.

Isolator yo mukakagula ku Blantyre muone ngati mungapeze ya pa chingwe cha dishi yopangidwira satellite, chifukwa dekoda imatumiza magetsi ku LNB, kachipangizo kaja ka kutsogolo kwa dishi, kudzera chingwe chomwecho nde ya TV wamba ikhoza kukudulirani siginolo. Ikasowa tengani ya RCA, koma mukaiika mumvetserenso besi ya pansi kwambiri, zina zotchipa zimadyako. Ngati kotsalako simukukamva muli pa sofa, ineyo ndikanasunga ndalamayo.